Timabotolo ta m'Chiuno mwa Mwiche

Mwezi umene mphekesera za gasi zinafika ku Kanyama, ba Bornwell Chansa anali ndi mipando iwiri, ndipo yonse anaipeza popanda chisankho. Kusukulu ya sekondale anali wapampando wa komiti ya makolo. M'komboni anali wapampando wa alonda odzipereka, gulu limene analiyambitsa okha anthu atayamba kunena kuti kwabwera zigawenga zopopera mankhwala m'mawindo kuti a m'nyumba akomoke, kenako ziwakoke magazi. Palibe amene anali atamuonapo wopoperayo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi mlamu amene anamuona. Lamulo la gululo linali limodzi: ukaona chachilendo, liza wezulo, ndipo womva atuluke ndi chilichonse chimene dzanja lake lapeza. Ba Bornwell anadzigulira vesiti yachikasu yonyezimira, ya mtundu umene amavala okonza misewu, nalemba kumsana kwake mawu oti CHEYAMANI ndi penti yofiira, kuti anthu asamavutike kufunsa.

Nkhani ya timabotolo anaivomereza ali pampando winawo, wa kusukulu. Aphunzitsi a sayansi, ba Madamu Nsofwa, anali ndi kagulu ka atsikana kamene kankayeza madzi a m'zitsime za m'komboni, chifukwa dzinja lililonse zimbudzi zimasefukira ndipo matenda a m'mimba sachedwa. Kayezedwe kake kanali kosavuta. Umathira madzi m'kabotolo kagalasi kotalika ngati chala, momwe muli kapepala ka mankhwala, n'kutseka. Kenako kabotoloko kayenera kukhala pofunda tsiku limodzi kapena awiri. Madzi abwino sasintha. Madzi amene akumanapo ndi chimbudzi amada bii, n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Sukulu inali ndi makina ofunditsira, koma chaka chimenecho magetsi ankangobwera kudzapereka moni. Ndiye ba Madamu anati mtsikana aliyense asoke timatumba pa kansalu ka chitenje, alowetsemo timabotolo take, amange m'chiuno mkati mwa yunifolomu, ayende nato, agone nato. Thupi la munthu silizima.

Ba Bornwell anaikonda nzeruyi kwambiri moti pamsonkhano wa makolo anaifotokoza ngati yawo. Anati ana aakazi a ku Kanyama afungatira sayansi monga nkhuku ifungatira mazira, ndipo zimene zidzaswedwe pamenepo ndi madokotala ndi mainjiniya. Makolo anaomba m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale wapampando wa alonda amene ankavala thalauzi limodzi ndi wapampando wa makolo, amene anaganizira mmene lamba wa timabotolo takuda wobisika m'zovala angaonekere mwezi umenewo.

Mwiche Nsama, wa giredi 11, anatuluka m'nyumba m'mawa mvula itangosiya. Thumba lililonse pa lamba wake analisoka ndi ulusi wa mtundu wake, kuti asasokoneze zitsime. Povala anali atasuzumira n'kupeza kuti timabotolo tambiri tada, ndipo anasangalala monga asayansi okha amasangalalira ndi nkhani zoipa. Njira yopita kusukulu inali itasanduka mtsinje. Monga mwa chizolowezi, anthu anali atandandalika mabuloko a simenti m'madzimo, apa limodzi, apo lina, kuti odutsa azilumpha mmodzimmodzi. Pakati pa mzerewo anakumana ndi ba Ketty, mayi wogulitsa vitumbuwa, mwana kumsana, beseni pamutu. Ba Ketty anali asanalawe tulo tenitenti kuyambira pomwe mphekesera zinayamba, chifukwa ankagona chokhala pansi pa windo, nsalu yonyowa ili pamphuno. Mwiche anafuna kuwapatukira. Nsapato inaterera, nagwa chafufumimba pa buloko.

Ba Ketty ndiwo anamudzutsa. Izi ziyenera kunenedwa, chifukwa pambuyo pake palibe anazikumbukira. Anamugwira mkono, namufunsa ngati wavulala. Kenako fungo linawafika. Anayang'ana pamimba pa mtsikanayo naona bulauzi yoyera ikuda ndi chinthu chosakanikirana ndi magazi. Mwiche atakweza bulauziyo kuti aone pamene galasi lamucheka, ba Ketty anaona lamba, timitu ta mabotolo tili ndandanda.

"Gasi," anatero, poyamba motsitsa, ngati akudzifunsa. Kachiwiri anakuwa. Kenako anagwa chokhala m'madzimo, beseni la vitumbuwa likuyandama kupita kwina.

Wezulo analira kuseri kwa bala ya mowa, wina nayankha cha kumsika, kenako komboni yonse.

Woyamba kufika anali Webster, ngwangwazi wa pa siteshoni ya minibasi, mnyamata wamapewa otambalala amene ntchito yake tsiku lonse inali kukokera anthu m'mabasi amene sakufuna kukwera. Sanafunse kanthu. Anamenya Mwiche khofi limene linamugwetsanso m'madzi, namugwira tsitsi lolukidwa, nayamba kumukoka chagada, msana ukugunda mabuloko. Chikwama cha mabuku chinatsala pamenepo, ndipo munthu wina woganiza msanga anachisamalira mpaka lero. Webster anamukokera pabwalo la siteshoni, patsogolo pa chisakasa cha wokonza matayala, pomwe nthaka ndi yokwererapo ndipo aliyense akanatha kuona bwino.

Anthu anabwera ndi matabwa, mipini ya makasu, zidutswa za mabuloko. Mayi wina anabwera ndi simbi yositira, makala akadali moto m'kati. A kumbuyo ankaponya miyala pamwamba pa anzawo, ina n'kumagwera a kutsogolo, amene ankabwezera pa Mwiche. Thabwa linamupeza pa khutu lakumanzere, ndipo kuyambira pamenepo phokoso lonse ankalimva mbali imodzi. Anadzipinda, manja kumutu. Munthu wovala jombo anaponda dzanja lake lamanja, napotokola chidendene monga amachitira wozimitsa fodya. Webster anang'amba bulauzi, nadula lambayo ndi mpeni, nakweza m'mwamba kuti a kumbuyo aone. Khamu linabuula.

Mwiche anayesa kufotokoza. Anati ndi madzi a m'zitsime, ndi ntchito ya kusukulu. Mawu ake ankatuluka mwadongosolo, monga anaphunzitsidwira kuyankha oweruza pa mpikisano wa sayansi, ndipo izi zinakwiyitsa anthu koposa, chifukwa munthu wosalakwa amayenera kulira. Webster anamufunsa ngati m'timabotolomo muli mankhwala. Iye, pokhala mwana wosazolowera kunama pa zoyeza, anati alimo pang'ono, pa kapepala.

"Mwamvela?" anatero Webster potembenukira khamu. "Wavomela yeka."

Kenako anafuna kudziwa amene anamutuma, ndi anzake amene akuyenda ndi malamba otere. Dzina la ba Madamu linali kale pamilomo pa Mwiche, koma anaganiza za anzake a m'kaguluko, amene nthawi imeneyo aliyense anali panjira kwinakwake, akulumpha mabuloko, timabotolo tili m'chiuno. Anati ali yekha. Webster anamumenya ndi bondo pachibwano, nafunsanso. Anati ali yekha. Funsolo linabwerezedwa ndi thabwa, kenako ndi mpini, ndipo yankho linkachepa mphamvu koma silinasinthe.

Analipo ena amene anamuzindikira. Anati kodi uyu si mwana wa ba Exildah, ogulitsa nsomba kumsika wa m'tauni? Sizinathandize, chifukwa nthawi yomweyo panapezeka bambo wodziwa zinthu amene anafotokoza kuti masiku ano akuluakulu a gasi akutuma ana asukulu, poti yunifolomu sikayikitsa. Mayi mmodzi yekha anatuluka m'khamumo mwakachetechete, nakaimbira foni ba Exildah kuseri kwa minibasi.

Tayala linachokera pa mulu wa wokonza matayala, amene anangopempha kuti asankhe lakutha. Analiveka Mwiche kudzera kumutu, n'kulikankhira pansi mpaka linapana mikono. Chimene chinachedwetsa zinthu chinali petulo. Madalaivala onse a pa siteshoni anati matanki awo ali pafupi kuuma, ndipo panatenga nthawi kuti wometa tsitsi wina avomere kupungulako wa mu jenereta yake.

Wezulo atalira, ba Bornwell anali akumeta ndevu. Akanafika msanga, koma vesiti inali itachapidwa, ndipo sakanapita ku mlandu waukulu chonchi ngati munthu wamba. Anaivala yonyowa. Anafika chibonga chili m'manja, akufunsa mokweza kuti ndani watsegula mwambo wapampando asanafike. Khamu linawapatukira, pang'ono chifukwa cha ulemu, kwambiri chifukwa cha mimba yawo.

Nkhope ya munthu amene anali m'tayalamo sanaizindikire. Diso limodzi linali litatsekeka, milomo itatupa, tsitsi litamatana ndi matope ndi magazi. Chimene anazindikira chinali lamba wa m'manja mwa Webster. Kunena zoona, pamenepo ba Bornwell anakumbukira kuti asiya chitseko cha kunyumba chosakhoma, ndipo mapazi awo anatembenukako pang'ono. Koma mtsikanayo anali atawaona ndi diso lotsalalo.

"Ba Cheyamani," anatero. "Bauzeni."

Ba Bornwell anatsokomola, nakwera pa tayala lina kuti aoneke. Anayamba ndi kulonjera amayi, abambo, achinyamata ndi onse monga mwa maudindo awo. Anati nkhaniyi akuidziwa kuchokera kumizu, pakuti ntchito ya timabotoloyi anaivomereza ndi iwowo, ndipo tinganene kuti anaiyambitsa ndi iwowo. Mawu amenewa akanamveka bwino pa tsiku lopereka mphoto. Apa anthu anangoyang'anana.

"Kansi ndimwe ba bosi bake," anatero wina cha kumbuyo.

Chidutswa cha buloko chinawapeza pamwamba pa diso lakumanja, ndipo anatsika pa tayalapo mosakonzekera. Chibonga chinalandidwa ndi Fred, mlembi wa gulu lawo la alonda, amene anachiyesa kaye pamsana pa mwini wake, pa mawu ofiira aja penipeni. Nsapato zingapo zinawafufuza m'nthiti mpaka china chinalira m'kati. Anadzuka msanga, chifukwa anaona kuti pansipo pali mapazi ambiri ndipo palibe limodzi lowadziwa.

Petulo anafika m'botolo la chakumwa. Webster anathira pa tayala, pa siketi, pa tsitsi la Mwiche, mosamala ngati wothirira ndiwo m'dimba. Apa ndi pamene mtsikanayo anayamba kulira, akuitana amayi ake. Webster anatulutsa laita m'thumba. Koma anali munthu wokonda omvera, ndipo khamu lalikulu chonchi anali asanakhalepo nalo, choncho sanafune kuti zithe msanga. Anasolola kabotolo kamodzi kakuda pa lamba.

"Ukamba ati ni manzi. Imwa tione."

Anamutsina mphuno, nakankha kabotoloko pakati pa mano. Dzino lakutsogolo linathyoka ndi kaphokoso kamene a kutsogolo onse anakamva. Mwiche anatsamwa, nalavula zakuda ndi zofiira pa miyendo ya Webster. Khamu linati basi, umboni ndi umenewo, mwini wake akukana chinthu chake. Webster anakhecha laita. Chala chinali chonyowa, sinayake.

"Nipase ine kabotolo, nimwe."

Ba Bornwell anadabwa kumva kuti mawuwo ndi awo. Anthu amatsutsanabe za chimene chinawachititsa. Ena amati chinali chifundo. Ena, amene amawadziwa bwino, amati sakanapirira kuona mwambo ukufika pachimake wina ali pakati. Webster anamwetulira, nasolola kabotolo kena m'thumba la ulusi wobiriwira. Pamene ba Bornwell ankapotokola chitsekero, Mwiche analankhula ndi pakamwa podzaza magazi, motsitsa moti anamva ndi iwo okha.

"Osamwa, ba Cheyamani. Ako ni ka chisime cha pafupi na chimbuzi cha pa bala."

Ba Bornwell ankachidziwa chimbudzi chimenecho. Anatseka maso, namwa. Zinali ngati dzira lovunda lophikidwa ndi misomali ya dzimbiri. Kapepala kanakakamira pakhosi, nakameza kachiwiri. Webster anati kamodzi sikakwanira, gasi amasiyana mphamvu. Anawapatsa kena, ndi kena, mpaka takuda tonse tinatha. Tinatsala tiwiri ta madzi oyera, timene Webster anati tilibe ntchito, naponya lambayo m'matope.

Kenako analengeza chigamulo. Aliyense ankadziwa kuti gasi amakomola. Ba Cheyamani akagwa, kapena akasanza, ndiye kuti ndi poizoni, ndipo kamtsikanaka kapsa, iwonso atsatira. Akapanda kugwa, anthu aona chochita. Khamu linavomereza. Webster anapukuta chala pa malaya, nayesanso laita. Ulendo uno inayaka.

Choncho ntchito ya ba Bornwell inali kuima basi. Inali ntchito yaing'ono kuposa zonse zimene anagwirapo, koma thupi lawo silinali lokonzeka. Anali munthu wa bipii, mapiritsi a m'mawa anali asanamwe, ndipo dzuwa la pambuyo pa mvula linali litatuluka ndi ukali wake wonse. Magazi ankatsika pa chikope n'kulowa m'diso. Nthiti zinkawabaya akamapuma. M'mimba, zinthu zija zinayendayenda kaye ngati alendo ofunafuna pokhala, kenako zinaganiza zobwerera kumene zachokera. Zinafika pakhosi. Anakukuta mano, nameza.

Pamenepo anazindikira kuti sangatsegule pakamwa. Anali ndi zambiri zoti anene, zina zabwino kwambiri, koma mawu aliwonse akanatuluka ndi katundu. Anthu a ku Kanyama anali asanawaonepo ali chete, ndipo kwa ena ichi chokha chinali chizindikiro cha poizoni.

"Ba mudala, kambani," anatero kondakitala wina. "Zina lanu ndimwe bandani?"

Ba Bornwell anatembenuka pang'onopang'ono, namuonetsa kumsana. Anthu ena anaseka. Wina anati aime ndi mwendo umodzi. Anakweza mwendo, dziko linapendekeka, nautsitsa. Fred, pofuna kuthandiza kafukufuku, anawakankha pachifuwa ndi chibonga, ndipo anadzandira chambuyo, manja akupalasa mpweya, mpaka chidendene chinapeza mwala. Mayi wa simbi uja anauza Fred kuti asiye, kumeneko n'kubera. Panabuka mkangano wa malamulo. Kodi kugwada n'kugwa? Nanga kutsamira minibasi? Webster anaweruza kuti bondo likakhudza pansi, nkhani yatha, ndipo kutsamira kulikonse n'koletsedwa.

Mwiche anali atasiya kulira. Anali atakhala m'matope, tayala lili m'mapewa, mutu utapendekera mbali ya khutu lotuluka magazi, petulo akumuluma m'mabala. Diso lake linali pa mawondo a ba Bornwell, ndipo ba Bornwell ankaliona. Mawondowo ankanjenjemera moonekera m'thalauzi. Anayesa kuganiza za zinthu zolimba, monga mitengo ya magetsi. Anayang'ana chikwangwani cha pa bala, koma malemba ake ankasambira. Thukuta linkatsika m'kati mwa vesiti, lozizira ngati la munthu wodwala malungo, ndipo ntchentche zinapeza bala la pamphumi. Sanayerekeze kuziingitsa, chifukwa manja onse anali pa ntchito yolinganiza thupi.

Khamu silikonda kudikira. Kuseka kutalowa, ukali unayamba kuchucha. A kumbuyo anayamba kuyang'ana mafoni, ndipo minibasi ina inayamba kuitana okwera a ku tauni. Kenako panatulukira ba Ketty, akuyenda ndi miyendo yawo, chitenje chikudontha madzi. Atafunsidwa ngati akumvabe chizungulire, anati chatha, mwina inali njala, nafunsa ngati pali amene waona beseni lawo. Bambo wodziwa zinthu uja anawamenya mbama chifukwa chotayitsa anthu nthawi. Mwana wa kumsana analira, azimayi angapo anamugwera bamboyo ndi zibakera, ndipo mbali ina ya khamu inasamukira kumeneko.

Webster anaona kuti omvera akumuthawa. Anayandikira Mwiche, laita ili m'mwamba, nalengeza kuti nthawi yatha, mkuluyu wakomoka ali chiimire, onani maso ake. Ba Bornwell anakoka phazi limodzi, kenako linzake, mpaka anaima pakati pa laita ndi tayala. Anakweza dzanja, nachita sawatcha.

Webster anawamenya chibakera pamimba, pamalo penipeni. Masaya a ba Bornwell anafufuma. Maso anatuluka, mitsempha ya m'khosi inaima, thupi linapindika mpaka anthu anayamba kuwerama kuti aone bondo. Bondo linatsika, linatsikabe, linaima m'malere. Kenako pakhosi panayenda chinthu, kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo anawongoka. Cha kumbuyo kunamveka anthu awiri kapena atatu akuomba m'manja.

Ba Exildah anafika atavalabe epuloni ya kumsika, mamba a nsomba ali m'mikono, mpeni wotumbulira uli m'dzanja. Anali atathamanga kuchokera pamene minibasi inakanira madzi. Anali mayi wamfupi wosalankhulalankhula, amene kuyambira pachiyambi ananena kuti za timabotolozi sakuzifuna, mwana aphunzire kusoka, ndipo anavomera kokha chifukwa ba Cheyamani anabwera kunyumba n'kukhala mpaka nsomba zinatsala pang'ono kuvunda. Sanakuwe. Anadutsa pakati pa anthu ngati akupita kukatola chinthu chimene chagwa pa tebulo lawo. Webster anawatsekereza ndi dzanja la laita. Mpeni unayenda kamodzi, monga umayendera pamimba pa nsomba. Laita inagwera m'matope pamodzi ndi magazi ambiri, ndipo Webster anakhala pansi atagwira mkono, akuyang'ana m'kati mwa chikhatho chake ngati munthu woona malo achilendo. Fred anakweza chibonga, chinatera pa phewa la ba Exildah ndi mdidi. Iwo anangotembenuka n'kumuyang'ana, mpeni uli chakumunsi, ndipo Fred anakumbukira kuti ndi mlembi chabe.

Anthu anadikira kuti wina ayambe. Machesi anali m'matumba ambiri, ndipo makala a mu simbi anali asanazime. Koma ba Cheyamani anali chiimire, ndipo malinga ndi chigamulo chimene onse anavomereza, mlandu unali usanathe.

Ba Exildah anakoka tayala ndi dzanja limene linkagwirabe ntchito, likukalula khungu la mwanayo m'mikono, naligubuduzira kumbali. Anamasula chitenje chawo, namufunditsa. Anaitana wa wilibala amene ankaonerera, ndipo iye anayamba kufotokoza kuti akudikira katundu wa munthu wina mpaka maso ake anafika pa mpeni. Mwanayo anamunyamula awiri, namuika m'wilibala. Zala za dzanja lamanja la Mwiche zinali zitaloza mbali zosiyanasiyana. Ndi lamanzere analoza m'matope, pomwe panali lamba.

"Mami, tuja tubili. Tukalibe kusila, tufunika kufundabe."

"Iwe mwana uzanipaya," anatero ba Exildah. Koma anawerama, natola lambayo, nalowetsa m'kati mwa chitenje, pamimba pa mwanayo. Pamenepo m'pamene anayang'ana ba Bornwell koyamba, kuyambira kumapazi mpaka pa bala la pamphumi.

"Imwe, musagwe mpaka tifike ku tala."

Ba Bornwell anagwedeza mutu pang'ono kwambiri, chifukwa kugwedeza kwenikweni kukanawononga zonse.

Kuchokera pa siteshoni kukafika pa msewu wa tala si kutali, koma wilibala m'matope a ku Kanyama siyenda, imachita kukambirana ndi njira. Gudumu linatitimira, analizula, linatitimiranso. Anyamata angapo ankaitsatira chapatali, miyala ili m'manja, akucheukacheuka kuyang'ana vesiti yachikasu. M'mbali mwa maso a ba Bornwell munayamba kuda, mdimawo ukubwera pakati pang'onopang'ono, mpaka dziko lonse linatsala kabowo kamodzi, ndipo m'kabowomo munali wilibala. Miyendo sankaimvanso. Ankangodziwa kuti ilipo chifukwa anthu anali asanakuwe.

Anaona ba Exildah ataima pakati pa msewu, dzanja lili m'mwamba, mpeni udakalimo. Galimoto yoyamba inawazemba. Yachiwiri, kalole konyamula mchenga, inaima. Anaona mtolo wa chitenje ukukwezedwa kumbuyo, ba Exildah akukwera pambuyo pake. Kenako m'chitenjemo munatuluka dzanja, n'kugwira m'mphepete mwa bodi. Anyamata aja anaponya miyala yawo, koma inagwera pa tala, galimoto itapita kale.

Ba Bornwell anadikirabe pang'ono, kuti asaoneke ngati ankadikira zimenezo. Kenako anatsegula pakamwa, mwina kuti atseke mwambo, ndipo zonse zinatuluka nthawi imodzi, zakuda, zonunkha, pa mapazi a Fred. Wina anakuwa kuti gasi. Khamu linabalalika, anthu akupondana, akugwetsana m'madzi, aliyense malaya ali pamphuno, ngakhale Webster anathawa atakumbatira dzanja lake. Pamene ba Bornwell anagwa, pabwalo panalibe munthu woti aone.